Tinawaika a Mose Popanda Nyimbo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, kaya nditi kudzuka, poti tulo take tinali tongoba. Chinandidzutsa si chisanu cha Julayi ayi, ngakhale chinali cholowa m'mafupa. Kunali zii, ndiye kumene kunandidzutsa. Ine maliro ndagonapo ambiri, ndipo ndimadziwa kuti nthawi ngati imeneyo amayi a mpingo amayamba kutsokomola, kukonza mawu, wina n'kuyambitsa nyimbo yodzutsa anzake. Koma pasiwa pa bambo anga usiku wonse sipanamveke nyimbo ngakhale imodzi. Kunja amuna ankangosonkhezera moto, kunong'onezana za fodya ndi za zipani zimene zinali zitachuluka zaka zimenezo, kenako n'kukhalanso chete.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, ndipo chifukwacho ndinali ine. Bambo anakwatira amayi aakulu, aNambewe, ukwati wa mu tchalitchi. Patapita zaka anapita kukamanga mabani a fodya kutsidya kwa dambo, n'kukaonako amayi anga. Anawakwatira, ine n'kubadwa, mpingo n'kuwaimitsa masakramenti. Kwathu kuno munthu woimitsidwa akamwalira asanabwerere saimbiridwa, belu salizidwa, bokosi lake sililowa m'tchalitchi. Amayi anga anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, choncho njira yobwerera inali yotsegula: kungolembetsa kalasi ya obwerera, kulapa, basi. Bambo sanalembetse. Lachiwiri anagwa kudimba akuthirira mpiru, n'kutsirizikira pangolo asanafike kuchipatala. Lachitatu akuluakulu a mpingo anatuma akatekisiti panjinga kuti akafunse kuparishi ngati pangakhale chifundo. Lachinayi, tsiku loika, kunatichera yankho lisanabwere.

Ndinanyamula ndowa n'kutsatira amayi opita kumjigo. Kunali bwino kugwira ntchito kusiyana n'kukhala m'nyumba muja, momwe aliyense wolowa ankayamba wagwada kwa amayi aakulu, kenako ine n'kundiyang'ana cham'mbali. Sindikunena kuti anandinyoza ayi, anthu a kwa bambo ndi aulemu. Koma ulemu wina umazizira kuposa chipongwe. Amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kwa ife anadya ndi akulu, wopotedwa n'kukhala ine.

Mjigowo uli pafupi ndi tchalitchi. Kum'mawa kunali kutangoyamba kufiira, nkhungu ili mbuu m'dambo, ndipo chinthu choyamba kuoneka bwino chinali miyala iwiri ya pakhoma la tchalitchicho, wina kumanzere kwa chitseko, wina kumanja. Ndi ya simenti, yotalika ngati mkono ndi theka, yozungulira kumutu, yolembedwa malamulo khumi a Mulungu. Anaiumba ndi bambo anga, ine ndisanabadwe. Dzina lawo la ubatizo linali Damiano, koma kuyambira ku Ludzi mpaka kumalire ukafunsa za a Damiano anthu ankangokanda mutu. Unkayenera kunena kuti a Mose.

Dzinalo linabwera chonchi. Bambo anakulira mpingo wina, wa abusa, ndipo Chikatolika analowa pofuna kukwatira amayi aakulu. Atapemphedwa kuumba miyalayi, analemba monga anaphunzirira ali mwana: malamulo anayi kumanzere, asanu ndi limodzi kumanja. Tsiku loionetsa, Misa itatha, akuluakulu anagwira pakamwa, poti ife timawerenga atatu kumanzere, asanu ndi awiri kumanja. Wina anangoti, «Amisiri, mwatibweretsera malamulo a eni ake.» Anthu n'kuseka. Bambo anali a mtima wapachala, ndipo ine ndinatengera komweko. Ananyamula mwala woyamba n'kuumenyetsa pansi, phwa! Wachiwiri chimodzimodzi. Mayi wina anakuwa kuti, «Mayo, Mose watsika m'phiri!» Dzina n'kumata pomwepo.

Amene anachita Misa tsikulo anali wansembe wokalamba wophunzitsa ku seminale ya Kachebere. Akuti anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anawakokera bambo pambali. Anawauza kuti malamulo ndi omwewo, chosiyana ndi mawerengedwe chabe. Anati Ayuda, amene anayamba kuwalandira, amagawa asanu uku asanu uko ngati zala za manja awiri, ndipo lamulo lolemekeza makolo amaliika pamwala wa Mulungu, osati wa anthu. Anawauzanso kuti aphunzitsi a Ayuda amanena kuti zidutswa za miyala imene Mose anaphwanya sizinatayidwe. Anazitola, n'kuziika m'likasa pamodzi ndi miyala yatsopano, n'kumayenda nazo m'chipululu monse muja. Bambo atamva zimenezo anatola zidutswa zawo, n'kuziika m'thumba, n'kupita nazo kunyumba. Sabata yotsatira anaumba miyala ina, atatu ndi asanu ndi awiri, monga anafunira eni tchalitchi.

Nkhaniyi ndinaimva kwa iwo eni kambirimbiri, moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Ankati simenti siyembekeza munthu. Ukalemba molawirira, zilembo zimadzaza madzi n'kutsekeka, ukachedwa msomali sulowa. Analemba ndi msomali wautali atagwada, ndipo pofika pa lamulo lakhumi simenti inali itayamba kugwira, n'chifukwa chake zilembo zake n'zosazama. Anthu a m'mudzimo mpaka lero amaseka kuti n'chifukwa chake kusirira za eni kwawo sikutha.

Chaka chilichonse Pasaka akamayandikira, bambo ankabwera kudzanditenga panjinga kwa amayi anga kuti tikapake miyalayo. Munthu woimitsidwa, wokhala benchi yakumapeto, woweramitsa mutu anzake akamapita kukalandira, koma ntchito imeneyi sanailekere wina. Iwo ankapaka laimu, ine ndinkagwira kachitini ka zakuda za m'mabatire akutha, zodetsera zilembo. Kuwerenga ndinaphunzirira pamenepo, ndisanaone bolodi la kusukulu. Ankandigwira chala n'kumachiyendetsa m'mizere ya simenti. Ankati, «Wakumanzerewu ngwa Mulungu, wakumanjawu ngwa anthu. Khomo lili pakati. Sungalowe utakumbatira umodzi wokha.» Chaka china, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinawerenga ndekha lamulo lachisanu ndi chimodzi mokweza, monyadira, n'kufunsa kuti chigololo n'chiyani. Burashi inaima m'mwamba. Anati, «Ukadzakula.» Kenako anadetsa zilembo za lamulo limenelo mosamala ngati ena onse.

M'mawa umenewo ndinasiya ndowa pamzere n'kupita pakhomapo. Laimu ya chaka chimenecho inali ikadali mbee. Ndinaika chala m'mizere muja, simenti ili zizirii, ndipo kwa nthawi yoyamba chimvereni uthenga ndinalira kulira kwenikweni, kosati kwa pamaso pa anthu. Ndinawafuna bambo anga. Ndinafuna fungo lawo la simenti ndi fodya, ndi kaluzu kawo kosatha bwino. Mayi wina anandigwira paphewa n'kunena kuti ndowa yanga yadzaza.

Pobwerera tinapeza moto wayaka kale malo anayi kuseri kwa nkhokwe. Ena ankasankha nyemba, ena kuduladula kabichi, migolo ya madzi ili pamafuwa. Utsi sunkakwera, mphepo ya mwera inkaugwetsera m'maso mwathu, ndipo zinatithandiza, poti sunkadziwa wolira ndi wolowedwa utsi. Anyamata anali ataika masamba pamsewu, okwera njinga ankatsika n'kumakankha, zipewa zili m'manja. Dzuwa linatuluka lofooka, n'kubisalanso m'mitambo yotuwa imene sigwetsa mvula.

Anthu anabwera, abale anga, anabwera. Ena pangolo, ena pamatola kuchokera ku Kamwendo kumene ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo, ena wapansi kudutsa m'minda yokololedwa. Kunabwera matenanti a m'maesiteti, anthu a kummwera olankhula mokoka, amene bambo anawamangira zigafa ndi kuwakonzera mauvuni. Amayi a zitenje za zipani zodana anakhala mphasa imodzi. Amayi a mpingo anabweranso onse, koma aliyense atavala zakezake, yunifomu ataisiya kunyumba. Ena ndinawaona ataipinda m'kathumba, kudikira yankho. Zimenezo zinandipatsa mtima, ndinati mwina.

Azakhali, mlongo wa bambo wokwatiwa ku Zambia, anafika ndi gulu lawo akulira kuchokera kumsewu. Atalowa, atalira, atapukuta nkhope, anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa mokweza, monga amachitira anthu a kutsidyako, «Manje kwaya ili kuti?» Wina anawakoka chitenje n'kuwanong'oneza. Iwo anati, «Aa! Alongosi anga aikidwe monga nkhuku?» Ine ndinatuluka panja.

Ndinatuluka chifukwa mawu amenewo anali anga. Masabata atatu m'mbuyomo ndinabwera kudzawaona bambo, nditawasokera malaya. Monga mwa nthawi zonse ndinayambitsa nkhani ya kalasi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala ndikuwalondalonda nayo. Ine ndine wa kwaya kwathu, ukwati wanga ndi wodalitsidwa, ndipo zinkandidya kuti bambo anga ali kunja pamene chowatsekereza chinachoka. Tsikulo pakamwa panandithawa. Ndinati, «Bambo, liuma limeneli n'lachiyani? Mukufuna tidzakuikeni ngati nkhuku?» Iwo anangoyesa malaya aja, kuyang'ana manja ake, n'kunena kuti, «Rozina, pakamwa pako mpa amako. Koma kusoka ndiye umatha.» Ndinapsa mtima, ndinakana ndi chakudya chomwe, n'kukwera njinga osatsanzika bwino. Kumeneko kunali kuonana kwathu komaliza. Madzi akatayika saoleka.

Akatekisiti anafika dzuwa litakwera, fumbi lili mpaka m'mawondo. Ndinangoona mmene anatsamiritsira njinga pamtengo, pang'onopang'ono, ngati ingasweke, mtima wanga n'kugwa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba pamodzi ndi atcheya a tchalitchi, bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, ndi achimwene, mwana woyamba wa amayi aakulu. Ine ndinatenga beseni la madzi ngati ndikukawasambitsa m'manja, chonsecho chakudya chinali chisanapse. Manyazi ndinali nditawasiya kumjigo.

Akatekisiti anati ansembe amva chisoni, koma anena kuti nkhaniyi eni ake ndi akuluakulu a pamalopo, amene ankamudziwa munthuyo, ndipo m'kaundula dzina lake silinabwerere. Atcheya, munthu wofatsa amene anakulira limodzi ndi bambo, anayang'ana pansi. Kenako anati chaka chatha anakaniza maliro awiri a mtundu womwewu, ndipo abale a anthu amenewo ali pompano, akuyang'ana.

Bambo aang'ono anati, «Koma akulu, miyala imene mukumuweruza nayoyo anaumba ndi iyeyo. Zaka zonsezi wapaka ndi iyeyo. Inu munagwirapo burashi?»

Atcheya anati, «Sindinagwirepo. N'chifukwa chake ndikuti zimene zinalembedwapo ankazidziwa kuposa tonsefe.»

Beseni ndinaliika pansi moti madzi anatayikira. Ndinagwada, koma mawu anga sanagwade. Ndinati, «Pepani akuluakulu, ndalowa pabwalo losandiyenera. Ngati mlandu ndi ine, ndichoke ine. Ndikwera njinga pompano, simundionanso. Koma bambo anga muwaimbire.»

Achimwene anati, «Iwe Rozina, dzuka apo. Ukufuna utichititse manyazi kawiri?»

Kawiri. Ndinamva, ndipo iwonso anadzimva, poti anayang'ana kumbali. Atcheya anakweza dzanja n'kunena mofatsa kuti, «Mayi, kuchoka kwanu sikusintha kanthu. Ife kwa a Mose tinabwera katatu, ine ndi akatekisitiwa, kudzawapempha kuti alembetse. Katatu konse anakana. Munthu sitingamulowetse atagona pakhomo limene anakana kulowa ali maso.» Ndinatola beseni langa. Pobwerera ndinaona amayi aja akukankhira timatumba tawo ta yunifomu pansi pa zitenje.

Ndinawakwiyira atcheya, ndinawakwiyira achimwene, koma kunena zoona amene ndinawakwiyira kwambiri ndi amene anagona m'bokosi. Katatu! Anthu kukutsatirani pakhomo katatu, inu n'kumakana, n'kutisiyira ife manyazi oti tisenze.

Nthawi yoona nkhope itakwana, tinalowa achibale. Anawaveka malaya amene ndinasoka aja. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wamaliza khoma ndipo akuliyang'ana. Amisiri atatenga chivundikiro kuti akhome, amayi aakulu analankhula koyamba tsiku limenelo. Anati, «Dikirani.» Anatuma achimwene kuchipinda, ndipo anatuluka ndi thumba lakale la feteleza, lodyeka ndi mbewa. Munali zidutswa za miyala yoyamba ija. Zambiri zinatayika m'zaka zonsezo, zinatsala zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, china chikuoneka zilembo zakuti USA, chiyambi cha usaphe kapena usabe, china ATATE AKO. Amayi aakulu anati, «Anandiuza kuti zidzapite naye. Ikani kumiyendo.» Akatekisiti anali chiimire pakhomo. Anaona, n'kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga mapaso.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Kutsogolo kunalibe mtanda, kunalibe ana ovala zoyera, kunalibe nkhata za maluwa za amayi a mpingo. Amuna ankalandirana bokosi pafupipafupi, ndipo ndinamva wina wosadziwa za thumba lija akudandaula chapansipansi kuti, «Koma a Mose, munthu wowonda ngati bango, kulemera chonchi?» Mnzake anati, «Wanyamula ndi malamulo omwe.» Ena anaseka mobisa, ndipo inenso kakuseka kanandifika pakhosi, n'kusanduka kulira. Bambo akanaseka kuposa onsewo.

Maliro opanda nyimbo ndi aatali, anthuni. Umamva zonse: mapazi m'fumbi, kutsokomola, mapesi akuphwanyika, mwana akulira kumbuyo. Amayi akalira amatopa, ndipo pamene pamayenera kulowa nyimbo pamangokhala dzenje. Mphepo inkatiwaza fumbi kumaso. Ndinayenda kumbuyo kwa amayi aakulu, amene anali opanda nsapato, atagwiridwa uku ndi uku, msana uli chilili.

Njira ya kumanda imadutsa pakhomo penipeni pa tchalitchi. Chitseko chinali chotseka, ndipo chitsulo chimene amachimenya ngati belu chinkangozungulira chokha pamtengo ndi mphepo. Onyamula atafika pakati pa miyala iwiri ija anaima kuti alandirane. Anali atangolandirana kumene pamjigo, panalibe wotopa. Koma anaima, ndipo analandirana mochedwa, mmodzimmodzi, wina kukonza phewa, wina kumanga chingwe cha nsapato chomangidwa kale. Palibe anawauza, palibenso anawaletsa. Bambo anakhala pakhomo pawo kanthawi ndithu, mwala wa Mulungu uku, wa anthu uko, iwo ali pakati, panja.

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinayambitsa nyimbo. Ndi nyimbo ya maliro imene ngakhale mwana amaidziwa, ndipo mawu anga si ang'ono, ku Kamwendo amandidziwa. Ndinaimba mzere woyamba wonse. Pamene pamayenera kuvomera gulu, anavomera azakhali a ku Zambia ndi mawu ena awiri kumbuyo, mwina a matenanti. Amayi a mpingo anaweramitsa mitu, milomo ikunjenjemera, koma yotseka. Mzere wachiwiri mawu awiri aja anazilala. Wachitatu ndinatsala ndi azakhali okha, iwonso mawu ake osawadziwa bwino. Ndinayang'ana amayi aakulu. Ndinadziwa kuti iwo akangotsegula pakamwa, mudzi wonse uimba, ndipo palibe tcheya amene angauletse. Sanatsegule. Ankayang'ana kutsogolo, nsagwada zili gwa. Nyimbo inafera m'kamwa mwanga, bokosi n'kunyamuka.

Mumtima ndinati, chabwino amayi, mwabwezera. Zaka makumi atatu ndi zinayi mwadikira tsiku limeneli.

Kumanda sikunatenge nthawi. Adzukulu anali atakumba bwino, dothi lofiira lili mulu. Bambo aang'ono anathokoza anthu m'mawu ochepa, n'kunena kuti malemu anali mmisiri, nyumba zake zilipo, aliyense akuziona. Akatekisiti anaima kumbuyo kwa gulu opanda buku lawo, chipewa chili pachifuwa, milomo ikuyenda yokha. Atcheya anatenga khasu kwa mdzukulu wina n'kukwirira nawo, munthu wamkulu ngati uja, mpaka thukuta. Sindinadziwe kuti ndiwaone bwanji. Mawu a Mulungu panalibe, panangomveka makasu ndi dothi likugwera pamatabwa, kenako dothi likugwera pa dothi linzake.

Tinabwerera, tinasamba m'manja pamphambano, anthu anadya m'magulumagulu. Ena ankabwera kudzandigwira chanza n'kunena kuti limbani mtima, ndipo mayi wina wa mpingo anandinong'oneza kuti, «Munaimba bwino, mutikhululukire.» Matola anadzaza, ngolo zinatembenuka, anyamata anachotsa masamba pamsewu. Pofika madzulo pabwalo panangotsala phulusa, mafuwa, ndi agalu akununkhiza. Mphepo inaleka, kuzizira n'kuyamba kutsika.

Ife achibale tinayenera kugona pomwepo mpaka kusesa m'mawa mwake. Ambiri anapita kukasamba, ena kunyumba zoyandikana kukapumitsa msana. Ndinalowa m'nyumba kuti nditenge chitenje changa, n'kupeza muli amayi aakulu okha. Anakhala pamphasa pamene panali bokosi, miyendo atatambasula. Mipando yonse inali ikadali panja, nyumba inaoneka yaikulu ngati si yomwe ija. Chipande cha bambo ndi chingwe chawo choyezera khoma zinali pamsomali pamene anazisiya Lolemba. Ndinafuna kutuluka mwakachetechete.

«Rozina.»

«Wawa, amayi.»

«Uli ndi singano? Ndaponda munga kumanda kuja.»

Telala sayenda wopanda singano. Ndinaichotsa pa kolala, n'kukhala pansi chakukhomo kumene kunali kuwala, n'kuika phazi lawo pamiyendo panga. Chibadwire changa ndinali ndisanawakhudzepo mayi amenewa kupatula kupatsana moni. Phazi lake linali lolimba, long'aluka kuchidendene, lozizira. Mungawo unalowa mozama. Ndinayamba kutokosa, iwo osagwedezeka n'komwe.

«Wandikwiyira chifukwa sindinavomere nyimbo yako.»

Sindinakane. Ndinati, «Mukanangoyamba inu, amayi.»

«Ndikanayamba ine, mawa akanandiimitsa. Ndiye Misa yomupempherera akanakapereka ndani? Iwe uli kutali. Ana angawa kutchalitchi amapita pa Khirisimasi pokha. Watsala ndi ine ndekha woti ndizimutchula kumeneko.»

Ndinapitiriza kutokosa. Panja mbuzi zinkalowa m'khola, wina akuzikalipira.

«Atcheya akuuza kuti anabwera katatu. Sanakuuze zimene anayankha.»

«Liuma basi. Ndinkawadziwa bambo.»

«Sunkawadziwa.» Anatero osakweza mawu. «Alendowo anakhala ndi bambo ako pakhonde apo. Iye anawafunsa kuti, kodi kulapa kwake n'kutani? Akatekisiti anati ndi kumva chisoni, n'kunena kuchokera pansi pa mtima kuti ndikanakonda zikanapanda kuchitika. Bambo ako anati, kuti ndinamulakwira mkazi wangayu ndikuvomera, ndinamupepesa, ndipo ndidzapepesa mpaka kufa. Kuti ndinaphwanya lamulo ndikudziwa, ndinalilemba ndine. Koma ndikanena kuti zikanapanda kuchitika, ndiye kuti ndanena kuti Rozina akanapanda kubadwa. Mawu amenewo pakamwa panga satuluka. Akatekisiti anayesa kumumasulira kuti sizikutanthauza choncho, kuti tchimo ndi lina, mwana ndi wina. Iye anati, inu mumatha kuzilekanitsa chifukwa munaphunzira, ine ndikayang'ana ndimaona chinthu chimodzi, ndipo Mulungu sindingamunamize. Ulendo wachiwiri yankho lomwelo. Wachitatu lomwelo.»

Singano inagwa m'manja mwanga. Ndinaifufuza pamphasa osaiona, maso atadzaza. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkawakalipira, iwo n'kumangoseka, osandiuza. Ndinafuna kudzuka, kuthamangira kumanda, ndikagwade pa dothi lija ndiwauze kuti ndamva, bambo, ndamva tsopano. Koma dzuwa linali likulowa, ndipo ngakhale kukanakhala masana, akanandiyankha ndani?

«Bwanji sanandiuze?»

«Anati ukadziwa udzasenza katundu amene si wako. Anandiletsa. Koma ine lero ndakuona pamtengo wa mango paja, ndaona kuti wasenza kale, ndiye bola usenze wodziwa kuti muli chiyani.»

Ndinaipeza singano. Ndinatokosanso pang'ono, munga n'kutuluka, wakuda, waung'ono kwambiri. Timagazi tinatsatira, ndinatipukuta ndi nsonga ya chitenje changa.

«Nanga inu amayi, pamene ankanena zimenezo, munali kuti?»

«Pompo. Ndikuwathirira tiyi alendowo.»

«Munamva bwanji?»

Anayang'ana chipande cha bambo pamsomali paja.

«Zinandiwawa. Katatu konse zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Usaganize kuti ndakuuza chifukwa zinapola.» Anapuma mozama. «Koma bodza ndiye sananene. Watuluka mungawo?»

«Watuluka.»

«Nanga phazi langa ukuligwiriranji?»

Sindinalisiye, ndipo iwo sanalichotse.